Ndamata zoletsa phokoso m'galimoto koma msewu ukumvekabe: ndigule zina?

Funso: Galimoto yanga ndi yaing'ono, ya hatchback, ndipo yatha zaka zoposa khumi. Ndikangofika pa liwiro la makilomita 80 pa ola, makamaka pa msewu wa phula lokhakhala, m'katimo mumalirima moti timachita kukuwa polankhulana. Komanso pa mabampu, chitseko chakutsogolo ndi kwinakwake kumbuyo kumamveka gwedegwede. Ndinagula timapepala tasiliva tomata tija totchedwa sound deadening n'kumata m'buti monse, koma sindikumva kusintha kwenikweni. Kodi ndigule tambiri ndimate galimoto yonse?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu, koma chonde musagule kaye. Zomwe munamatazo si zachabe ayi, kungoti munazituma ntchito yomwe si yake. M'funso lanuli muli mavuto awiri osiyana, kulirima ndi gwedegwede, ndipo timapepala tasilivato patokha sitingathetse ngakhale limodzi.

Tiyambe ndi chimene timapepalato timachita. Kunsi kwake kuli labala wofewa wotchedwa butyl, wokhuthala pafupifupi mamilimita 2, pamwamba pali aluminiyamu wopyapyala. Galimoto ikamayenda, matayala amagundagunda timiyala ta mumsewu, ndipo kunjenjemerako kumakwera kudzera m'masipuling'i, m'mashoko ndi m'mabushi mpaka kukafika pa malata a thupi la galimoto. Lata lalikulu losalala, monga la chitseko kapena la denga, likalandira kunjenjemerako limayamba kulira lokha. Tengani beseni lachitsulo muligogode ndi supuni, mumva likulira ngweee kwa kanthawi. Ligogodeninso mutaliika chikhatho, lingoti du, basi. Butyl ndiye chikhathocho. Lata likamapindikapindika, labalayo amakokeka pakati pa chitsulo ndi aluminiyamu, ndipo mphamvu ya kunjenjemera imasanduka kutentha kochepetsetsa koti simungakumve ndi dzanja. Ntchito yake yathera pomwepo. Phokoso loyenda mumpweya, lobadwira pamene tayala likukumana ndi msewu n'kulowera pansi, m'mabowo, m'mphepete mwa zitseko ndi m'magalasi, butyl amalitchinga pang'ono chabe.

N'chifukwa chake kumata paliponse n'kutaya ndalama. Mukaphimba gawo limodzi mwa magawo anayi a lata, kapena kufika theka, makamaka pakatikati pa malo osalala, kulira kochuluka kumakhala kwatha. Kupitirira apo mukungolemeretsa galimoto, phindu likunka licheperachepera. Pamene chitsulo chinapindidwa, pamene pali mizere, kapena pamene malata awiri anawotcherera pamodzi, m'polimba kale, sipalira. Mukafunyulula kapeti mupezanso kuti kufakitale anamatamo kale zigamba zakuda pansi, ndipo kuwonjezera zanu pamwamba pa zimenezo sikusintha kanthu kwenikweni. Ogulitsa amakonda kuonetsa zithunzi za galimoto yong'anima siliva kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo zimakomadi m'maso, koma paja iwo amapindula ndi kuchuluka kwa zomwe mwagula. Inu gogodani ndi chala chopinda. Pamene palira, matani. Pamene pangoti du, pasiyeni.

Ndisanakuuzeni china choti mugule, fufuzani kaye komwe kulirimako kukuchokera, chifukwa phokoso lina ndi galimoto ikudandaula kuti chitsulo china chatha, ndipo kulikwirira pansi pa kapeti n'kudziika pangozi. Pezani msewu wopanda magalimoto ambiri, wina ayendetse, inu mutchere khutu. Mukachoka pa phula lokhakhala n'kulowa pa losalala, phokoso n'kutsika nthawi yomweyo, ndiye kuti ndi matayala. Likakhala la wuuu, lokulirakulira ndi liwiro, losasamala za mtundu wa msewu, koma lomasintha woyendetsa akakhotetsa chiwongolero pang'ono, kayikirani bearing ya gudumu, kachitsulo komwe gudumulo limazungulirapo. Pokhotera kumanzere kulemera kumapita kumanja, choncho likakula pamenepo, kawirikawiri yatha ndi ya kumanja. Likamatsatira kulira kwa injini, n'kumamvekanso galimoto itaima mukaponda moto, yang'anani ekizozi ngati yabooka, ndi malabala omwe injini imakhalapo. La mphepo ndi losavuta kulizindikira: limaliza likhweru kapena kuti fwaaa m'mphepete mwa magalasi, ndipo limayamba kulamulira mukamayandikira makilomita 100 pa ola.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuganizira matayala, ndiye tiime pamenepa pang'ono. Galimoto itaima, yendetsani chikhatho pamwamba pa tayala mozungulira, kenaka mubwerere. Mukamva ngati mano a sowo, kosalala popita koma kokola pobwera, kapena mukapeza kuti tayala ladyeka mwa zigambazigamba, pena pokumbika pena potumphuka, tayala limenelo lidzalirima ngakhale mumate chiyani. Kudyeka kotere kumabwera chifukwa cha mashoko otopa, alignment (kalunjikidwe ka mawilo) yosokonekera, kapena matayala omwe sanasinthanitsidwepo malo, ndipo mukangogula atsopano osakonza gwerolo nawonso adyeka chimodzimodzi. Onaninso zaka zake. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa malemba oyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala akakalamba amauma, ndipo tayala louma limasokosa ngakhale mapanga ake akadali akuya. Matayala a mapanga akuluakulu opangira matope ndi miyala amabangula pa phula, palibe chowaletsa. Aja afupiafupi m'mbali, ovekedwa pa marimu aakulu, amaoneka bwino koma alibe labala wokwanira womeza kugunda kwa msewu. Mpweya nawonso: kupopa mopitirira zomwe zalembedwa pa kapepala ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala kumaumitsa kayendedwe, koma musaphwetse dala pofuna bata, chifukwa tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha ndipo likhoza kuphulika.

Posankha atsopano, matayala ogulitsidwa ku European Union akhala ndi chizindikiro chosonyeza phokoso lake m'ma decibel, muyezo wa kukula kwa phokoso, kuyambira 2012, ndipo kuyambira 2021 amalembaponso A, B kapena C, pomwe A ndi la phokoso lochepa. Muyezo umenewo ndi wa phokoso lomveka kunja galimoto ikamadutsa, osati la m'kati, komabe umakupatsani poyambira. Palinso kulira kwina kochokera mumpweya wa m'kati mwa tayala momwemo, kuja kumamveka bong bong mukawoloka polumikizira mlatho. Makampani ena amamata siponji m'kati mwa tayala kuti akuchepetse: Continental amatcha ContiSilent, Michelin amatcha Acoustic, Pirelli amatcha PNCS. Maganizo anga ndi akuti pa galimoto yokhala ndi matayala okalamba kapena odyeka molakwika, kuwasintha kumaposa chilichonse chimene mungamate.

Chachiwiri ndi mabowo. Phokoso loyenda mumpweya silivutika ndi kuboola chitsulo ngati pali polowera. Pa galimoto ya zaka zoposa khumi malabala a zitseko amakhala ataphwatalala. Panani kapepala pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, tsekani, kokani. Kakangosololoka mosavuta, pamenepo labala sakugwira. Yesani malo angapo kuzungulira chitseko chilichonse, osaiwala cha kubuti. Kenaka gonani chagada pansi pa dashibodi, wina aunike ndi tochi kuchokera ku injini. Paliponse pamene mwaona kuwala, phokoso la injini likulowera pomwepo. Kawirikawiri amakhala malo omwe wina anadutsitsa waya wa wailesi kapena wa alamu n'kutaya kalabala kotsekera. Suzumiraninso pamwamba pa matayala: mapulasitiki kapena nsalu zolimba zophimba wheel arch, chitsulo chopindika cha pamwamba pa tayala, zimang'ambika kapena kugwa, ndipo zikasowa timiyala ndi madzi zimamenya chitsulo chenicheni.

Tsopano gwedegwede. Ameneyu sakhudzana n'komwe ndi zomata. Ndi zinthu ziwiri zomwe zikugundana, ndipo mankhwala ake ndi kuzipeza n'kuzimanga kapena kuzilekanitsa. Yambani ndi kutulutsa chilichonse m'galimoto, kuphatikizapo za m'matumba a zitseko ndi za m'kabokosi ka kutsogolo. Mudzadabwa kuti kangati wolakwa amakhala jeke yosamangidwa, sipanala ya mawilo, tayala la sipeya lomwe bawuti yake yamasuka, kapena chitsulo cha lamba wa pampando chikumenya pulasitiki ya m'mbali. Pa hatchback, thabwa lija lophimba katundu kumbuyo ndi loko wa mipando yopindika ndi zomwe ndimayamba kuzikayikira. Nambala puleti yogwidwa ndi zomangira ziwiri zokha imanjenjemera, ndipo kasiponji kumbuyo kwake kamathetsa nkhani. Chitseko cha kubuti chili ndi timalabala tokhalira, pa magalimoto ambiri timapotokoleka kuti titalike kapena tifupike. Tikafupika chitsekocho chimavina pa loko wake.

Zikapitirira, wina ayendetse pa msewu wa mabampu pang'onopang'ono, inu muzikanikiza ndi dzanja malo amodziamodzi. Pamene mwakanikiza phokoso n'kuti zii, mwapeza. Za chitseko chanu chakutsogolo, mukachotsa chikuto cha m'kati mupeza timakilipu tapulasitiki tina tothyoka, mwina timitengo tachitsulo topita ku loko tikugwedera, mawaya akulendewera, kapena sipika yomasuka. Timakilipu gulani tatsopano musanatsegule n'komwe, chifukwa takale timathyoka ngakhale musamale bwanji. Mawaya akulungeni ndi tepi yansalu, yonga ija ya Tesa yomwe mafakitale a magalimoto amagwiritsa ntchito, ndipo pomwe mapulasitiki awiri akukhulana ikani kachidutswa ka nsalu yofewa yotchedwa felt. Malabala olira kwiikwii apakeni silicone, osati girisi kapena oyilo wa injini, zomwe zimatupitsa ndi kuwononga labala.

Koma ngati kugogodako kukuchokera pansi, kolemera, komveka mpaka ku mapazi kapena pa chiwongolero, pitani kwa makaniko aikweze. Ma stabiliser link, mabushi, pamutu pa mashoko ndi ball joint, zomwe ndi zitsulo ndi malabala a kumawilo, zonse zimagogoda zikatha, ndipo ball joint ikazuka gudumu limagona galimoto ili pa liwiro. Kachitsulo kopyapyala kotchinga kutentha kwa ekizozi nako kakachita dzimbiri pomangira kamalira tcherere pa liwiro linalake la injini.

Zonsezi zikakhala bwino koma mukufunabe bata lina, apo ndiye tikambe zogula, ndipo chimene chikusowa kwa inu si butyl winanso koma chotchinga. Chotchinga chodziwika ndi mass loaded vinyl, mwachidule MLV: chinsalu chapulasitiki chakuda, chofewa koma cholemera modabwitsa, pafupifupi makilogalamu 5 pa sikweya mita. Chimagwira ntchito ndi kulemera kwakeko. Lamulo lake m'sayansi ya phokoso ndi lakuti chotchinga chikalemera kawiri, phokoso lodutsa limatsika ndi ma decibel pafupifupi 6. Apa malangizo ndi otembenuka: butyl amakwanira wa zigambazigamba, koma MLV imafunika kuphimba paliponse popanda mpata, zidutswa zitakwerana m'mphepete n'kumatidwa ndi tepi yolimba kapena guluu wa vinyl. Mpata wa chala chimodzi umabweza phokoso lambiri lomwe munalitsekera. Ndiponso isagone pachitsulo penipeni, chifukwa ikatero imanjenjemera limodzi nacho. Pakati pamafunika siponji yosamwa madzi, yotchedwa closed cell foam, yokhuthala mamilimita 3 mpaka 6. Ndiye kuti kuchokera pansi: chitsulo, zigamba za butyl, siponji, MLV, kenaka kapeti.

Palinso zomeza phokoso, monga felt wokhuthala kapena Thinsulate ya kampani ya 3M. Izi ndi zopepuka, zimakwana kudenga ndi kuseri kwa mapulasitiki a m'mbali, ndipo zimachepetsa phokoso lomwe lalowa kale kuti lisamabwererebwerere. Sizitchinga ngati MLV.

Zina musaziyandikize. Siponji ya matiresi imamwa madzi, ndipo pansi pa kapeti kapena m'chitseko imabereka nkhungu ndi dzimbiri. Zomata zaphula zotsekera madenga a nyumba zimafanana ndi butyl pozionera patali, koma galimoto ikakhala padzuwa zimanunkha, zimafewa, n'kutsetsereka kuchoka pa chitseko mpaka kukamatirira pa galasi kapena pa loko. Thovu lija lopopera lomwe limafufuma n'kuuma limatseka njira za madzi m'mizati ya galimoto ndipo likhoza kutukumula lata. Ku injini ndi pafupi ndi ekizozi ikani zokhazo zolembedwa kuti zimapirira kutentha.

Poti yanu ndi hatchback, matayala akumbuyo ali m'chipinda chimodzi ndi inu, mosiyana ndi sedan yomwe mpando wakumbuyo umatsekereza buti. Choncho munayambira malo oyenera, ndipo butyl munamatayo sanatayike. Chotsani mapulasitiki a m'mbali mwa buti, muone ngati pa wheel arch penipeni munafikapo, chifukwa ambiri amamata pansi pokha pomwe m'posavuta. Kenaka yalani siponji ndi MLV pa ma wheel arch onse awiri, pansi pa buti, mpaka kunsi kwa mpando wakumbuyo. Mukatha apo muyende nayo kaye masiku angapo. Mukafuna kupitiriza, pitani popondera mapazi kutsogolo, mukweze chotchingacho kuseri kwa mapedulo mpaka pamene dzanja lingafike, kenaka zitseko. Denga likhale lomaliza: limathandiza pa mvula yogogoda ndi kutentha, pa kulirima kwa msewu ayi kwenikweni, ndipo kumeneko MLV isapiteko, ndi yolemera. Khoma la pakati pa injini ndi inu limafuna kuchotsa dashibodi yonse, ntchito yomwe pa galimoto yaing'ono ya petulo sindiona kuti ikulipira thukuta lake.

Kamatidwe nako kali ndi mwambo wake. Chitsulo chikhale choyera ndi chouma. Pukutani ndi mankhwala opukutira otchedwa isopropyl alcohol mpaka nsalu izituluka yoyera. Mukapeza dzimbiri kapena kapeti yonyowa, imani, pezani polowera madzi, palani dzimbirilo n'kupaka penti, chifukwa mukaphimba mudzaliona litaboola kale. Dulani butyl tizidutswa ting'onoting'ono, tofanana ndi chikhatho kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kanikizani ndi kagudumu kopondera mpaka timizere ta pa aluminiyamu tifafanizike. Pomwe patsala mpweya kunsi, butyl sakugwira ntchito ndipo chinyezi chimabisala pomwepo. Kukazizira, muyambe mwamuwotheza padzuwa kuti afewe. Valani magolovesi, m'mphepete mwa aluminiyamuyo mumacheka ngati lezala. MLV musaidule mongoyerekeza: yambani mwadula katoni molingana ndi malowo, mulembe pomwe pali mabawuti ndi mawaya, kenaka mujambulire.

Pali malo ena oti musamale kwambiri. Pansi pa chitseko chilichonse pali timabowo totulutsira madzi a mvula olowera pa galasi. Mukatitseka chitseko chimasunga madzi n'kuola kuchokera m'kati. Pulasitiki yomatidwa kuseri kwa chikuto cha chitseko ndi yotchinga madzi omwewo, ibwezereni bwinobwino. Magalimoto ena ali ndi sensa ya airbag (thumba la mpweya lomwe limafufuma pa ngozi) m'chitseko yomwe imazindikira ngozi poona kusintha kwa mpweya m'katimo, ndiye kutseka kapena kutsegula mabowo a chitseko chotere kukhoza kusokoneza kaphulikidwe ka airbag. Pa galimoto yotere matani lata lakunja lokha, zina zonse zikhale mmene munazipezera. Musanachotse mipando, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negative pa batire, dikirani mphindi zingapo monga buku la galimotoyo likunenera, ndipo mapulagi achikasu, omwe kawirikawiri ndi a airbag, muwagwire mwaulemu. Mabawuti a mipando ndi a malamba akhale pachitsulo chenicheni, popanda butyl kapena siponji pakati, ndipo amangidwe pa mphamvu yolembedwa m'bukumo. Kunsi kwa mpando wakumbuyo magalimoto ambiri ali ndi kachivundikiro kofikira pampu ya mafuta: kasiyeni koti n'kutseguka, makaniko adzakuthokozani. M'mbali mwa buti, kuseri kwa bampala, muli timazenera ta labala totulutsa mpweya. Mukatimata, zitseko zimavuta kutseka ndipo magalasi amachita nthunzi. Pomaliza kuyala, pondani mapedulo onse mpaka pansi muone kuti palibe chikuwakola.

Kumbukiraninso sikelo. Butyl wa mamilimita 2 amalemera pafupifupi makilogalamu 3 pa sikweya mita, kuphatikiza ndi MLV, galimoto yonse ikhoza kunenepa ndi makilogalamu 30 kapena kuposa, katundu woti muziyenda naye tsiku lililonse.

Khutu limanama, makamaka la munthu amene wawononga ndalama ndi Loweruka lathunthu. Ikani pa foni pulogalamu yoyeza ma decibel, muyeze musanayambe ndi pomaliza gawo lililonse: msewu womwewo, liwiro lomwelo, foni pamalo omwewo, magalasi otseka, fani ndi wailesi zozimitsa. Foni si chipangizo cholondola kwenikweni, koma poyerekeza dzulo ndi lero imakwanira. Dziwani kuti kutsika kwa ma decibel 3 ndiye kuti mphamvu ya phokoso yatsika ndi theka, koma khutu limangomva kusintha pang'ono. Kuti mumve ngati phokoso lachepa ndi theka pamafunika pafupifupi 10, ndipo zomata zokha sizifika pamenepo kawirikawiri. Chimene mudzapeze ndi ma decibel ochepa komanso phokoso losintha mtundu, lofatsa, losaboola m'makutu, loti mungacheze ndi wokhala kumbuyo osakuwa.

Ndipo pansi pakangokhala bata, mudzayamba kumva mphepo pa magalasi oonera kumbuyo ndi m'mazenera, yomwe kale inkabisika. Sikuti yawonjezeka. Magalasi a m'mbali pa magalimoto aang'ono ambiri ndi a chipande chimodzi chopyapyala, pomwe magalimoto odula ena amakhala ndi a zipande ziwiri zokhala ndi pulasitiki yomeza phokoso pakati. Pa galasi palibe chomata, ndiye mukafika pamenepo onaninso malabala a m'mazenera, muchotse keriyala ya padenga ngati ilipo ndipo simukuigwiritsa ntchito, n'kusiyira pomwepo.